Munthu akafunsa kuti “Ndichitenji kuti ndipulumuke?” timuyankha chiyani?

Mphunzitsi wa kalasi:
Moni nonse abale ndi alongo mwa Ambuye. Funso langa likupita kwa inu amene mumalangiza anthu. Mukafunsa akhristu kuti akudziwa bwanji kuti ndi opulumutsidwa, mayankho amatuluka osiyanasiyana. Wina akuti ndinabatizidwa. Wina akuti ndinapita kutsogolo pa msonkhano wachitsitsimutso n’kupemphera pemphero lolandira Yesu. Wina akuti chakhumi sindidumphitsa, winanso akuti mneneri anandisanjika manja mpaka ndinagwa. Onsewa akutchula dzina la Yesu. Nanga njira yeniyeni tiisiyanitsa bwanji ndi yonyenga? Ndikufuna zinthu zoti mlangizi agwiritse ntchito atakhala pansi ndi munthu.

Mbusa wopuma:
Zikomo aphunzitsi. Musanayambe kufufuza chonyenga, gwirani kaye chenichenicho. Paulo anachiika pa 1 Akorinto 15:3-5, ndipo akuti ichi n’choyamba pa zonse: Khristu anafera machimo athu monga mwa malemba, anaikidwa m’manda, anauka tsiku lachitatu, anaonekera kwa mboni. Imeneyo ndi ntchito imene yachitika kale, ndipo waichita ndi Mulungu. Mbali ya munthu ili pa Marko 1:15 ndi Machitidwe 20:21: kulapa pamaso pa Mulungu ndi kukhulupirira Ambuye Yesu. Ziwirizi sizilekana.

Njira yonyenga imabwera m’mitundu iwiri. Ina imawonjezera pa ntchito ya Khristu: Yesu inde, koma ulipire, kapena udutse mwa munthu uyu, kapena uchite mwambo uwu. Ina imachotsera: Yesu inde, koma kulapa ayi, moyo upitirire monga kale.

Mukakhala pansi ndi munthu, mufunseni kuti akadzaima pamaso pa Mulungu adzatsamira pa chiyani. Kenako khalani chete, mumve amene akuchita ntchito m’yankho lakelo. Ngati yankho lonse ndi “ndina-, ndina-, ndima-”, akutsamira pa iye mwini. Koma musathamangire kumuweruza ndi yankho loyamba, chifukwa okhulupirira enieni ambiri sadziwa kufotokoza bwino. Mufunsenso kuti, “Nanga ubatizo wanuwo ukuloza kwa yani? Machimo anu anapita kuti?” Pa funso lachiwiri kapena lachitatu m’pamene mumaona pamene mtima wagona.

Wophunzira zaumulungu:
Ndiwonjezereko pa mtundu woyamba uja, abusa. Mkangano woyamba waukulu mu mpingo unali womwewu. Pa Machitidwe 15:1 anthu ochokera ku Yudeya anafika ku Antiokeya n’kumaphunzitsa kuti wosadulidwa monga mwa mwambo wa Mose sangapulumuke. Anthuwa sanakane Yesu, ndipo chimene anawonjezeracho sichinali choipa, chifukwa mdulidwe anaulamula ndi Mulungu yemwe pa Genesis 17. Apa m’pamene ambiri amagwera: njira yonyenga kawirikawiri imamangidwa ndi zinthu zabwino zoikidwa pamalo olakwika. Kusala kudya, chakhumi, kusunga tsiku, kavalidwe kaulemu, zonsezi zili ndi malo ake, koma zikasanduka chitseko cholowera kwa Mulungu zalanda malo a Khristu.

Pa msonkhano wa ku Yerusalemu wokambirana nkhaniyo, Petro ananena pa vesi 11 kuti Ayuda ndi amitundu omwe amapulumuka mwa chisomo cha Ambuye Yesu. Paulo kwa Agalatiya analankhula mowawa kuposa pamenepo. Pa 2:21 akuti ngati chilungamo chibwera mwa chilamulo ndiye kuti Khristu anafa pachabe, ndipo pa 5:2-4 akuti amene alandira mdulidwe kuti ayesedwe wolungama, Khristu sampindulira kanthu.

Werengani zaka za Abrahamu ndi munthu wotere, zimathandiza kwambiri. Anayesedwa wolungama chifukwa chokhulupirira pa Genesis 15:6. Ismaeli anabadwa pambuyo pake, Abrahamu ali ndi zaka 86. Mdulidwe unabwera ali ndi zaka 99. Ndiye kuti panadutsa zaka zosachepera 13 ali wolungama pamaso pa Mulungu alibe chizindikiro chilichonse m’thupi. Mfundo ya Paulo pa Aroma 4:9-11 yaima pamenepo.

Katekisiti:
Ndikugwirizana ndi zambiri, koma abale musaiwale Yakobo 2:14-26. Chikhulupiriro chopanda ntchito n’chakufa, ndipo ziwanda nazo zimakhulupirira kuti Mulungu ndi mmodzi, mpaka zimanjenjemera. Pa Mateyu 25 Ambuye akulekanitsa anthu pa nkhani ya anjala, aludzu, alendo, ausiwa, odwala ndi am’ndende.

Ndikonzenso chinthu chimene chimanenedwa kawirikawiri, chakuti Akatolika amaphunzitsa kuti munthu amagula kumwamba ndi ntchito zake. Sichoncho. Chiphunzitso cha mphunzitsi wina wakale, Pelagius, chakuti munthu angathe kuchita chilungamo ndi mphamvu zake, chinakanidwa pa msonkhano wa mabishopu wa ku Carthage m’chaka cha 418. Msonkhano wa ku Orange mu 529 unanena kuti ngakhale chiyambi cha chikhulupiriro ndi mphatso ya Mulungu. Wa ku Trent mu 1547 unanena kuti palibe chimene chimatsogola, kaya chikhulupiriro kaya ntchito, chimene chingapangitse munthu kuyenerera chisomo chomulungamitsa. Ndipo pa 31 Okutobala 1999, ku Augsburg, Mpingo wa Katolika ndi Lutheran World Federation, bungwe la mipingo ya Lutherani pa dziko lonse, anasaina chikalata chovomerezana kuti timalandiridwa ndi Mulungu mwa chisomo chokha, pokhulupirira ntchito yopulumutsa ya Khristu, osati chifukwa cha kuyenera kwathu. Bungwe la Amethodisti la World Methodist Council linalowa nawo mu 2006, ndipo la mipingo yokonzedwanso (monga ya Chipresibeteriyani) la World Communion of Reformed Churches mu 2017.

Pa ubatizo ndiye ndikupempha kuti musauike pamndandanda wa ntchito za munthu. Yohane 3:5, Tito 3:5 ndi 1 Petro 3:21 akuulankhula ngati chinthu chimene Mulungu amachitiramo ntchito.

Mbusa wopuma:
Mwachita bwino kutikumbutsa, akatekisiti. Paulo ndi Yakobo akuyankha anthu awiri osiyana. Paulo akuyankha munthu amene akufuna kulowa ndi ntchito zake. Yakobo akuyankha munthu amene akuti analowa kale koma moyo wake sukuonetsa kanthu. Onse awiri akutchula Genesis 15:6, koma Yakobo akuloza ku Genesis 22, pamene chikhulupiriro chija chinaonekera pa phiri patapita zaka zambiri. Aefeso 2:8-10 yaika zonse m’dongosolo lake: mwa chisomo, kudzera m’chikhulupiriro, osati mwa ntchito, kenako vesi 10 ikuti tinalengedwa mwa Khristu kuti tichite ntchito zabwino. Amene amalekeza pa vesi 9 ndi amene amayambira pa vesi 10 onse asochera.

Komabe tisabise kuti kusiyana kulipobe. Ife a mipingo yokonzedwanso timati kuyesedwa wolungama ndi chigamulo cha Mulungu chotsamira pa chilungamo cha Khristu, ndipo kuyeretsedwa kumatsatira. Inu mumaika kusinthika kwa m’kati mwa munthu m’kulungamitsidwa komweko. Nkhani imeneyo njaikulu ndithu, koma tonse tikukana kuti madzi okha, popanda mtima wotembenuka, amapulumutsa munthu wamkulu. Simoni wa ku Samariya pa Machitidwe 8:13 anabatizidwa, koma pa vesi 21 Petro akumuuza kuti mtima wake suli wolunjika pamaso pa Mulungu. Wachifwamba wa pamtanda uja sanabatizidwe, koma analonjezedwa Paradaiso tsiku lomwelo. A m’nyumba ya Korneliyo analandira Mzimu Woyera asanalowe m’madzi. Mbali inayi, woyang’anira ndende wa ku Filipi anabatizidwa usiku womwewo umene anakhulupirira. Choncho munthu amene akuti wakhulupirira koma ubatizo akuukana dala, pamenepo pali chofunika kufufuza.

Katekisiti:
Pa Simoni sindikutsutsa, abusa. Ifenso munthu wamkulu sitimubatiza asanaphunzire, asanakane Satana ndi ntchito zake, ndi kuvomereza chikhulupiriro. Ndipo amene wamwalira akufunitsitsa ubatizo koma sanaupeze, Mpingo sumuyesa wotayika.

Mayi mlangizi:
Ine ndilankhulepo za ndalama, chifukwa apa m’pamene anthu akupwetekera kwambiri. Simoni yemweyo atapereka ndalama kuti agule mphamvu yosanjika manja, Petro anamuyankha kuti ndalama zakezo ziwonongeke naye pamodzi, popeza anaganiza kuti mphatso ya Mulungu ingagulidwe. 1 Petro 1:18-19 akuti sitinawomboledwe ndi siliva kapena golide koma ndi mwazi wa Khristu. Yesaya 55:1 akuitana amene alibe ndalama kuti abwere.

Kupereka kwenikweni ndi kugula madalitso zimasiyana motere. Kupereka kumatsatira chimene walandira kale, munthu amatsimikiza yekha mumtima kuchuluka kwake, mosakakamizidwa, monga pa 2 Akorinto 9:7. Kugula kumakhala ndi mtengo woikiratu ndi mlaliki, kumakhala ndi nthawi yoti usachedwe, ndipo kumamangiriridwa ku chinthu chimodzi: bzala mbewu ya ndalama zakutizakuti kuti temberero la kumtundu lichoke, kuti upeze banja, kuti uchire. Mukamva kuti wopereka zambiri akaonana ndi mtumiki payekha, pamene wopanda kanthu aime kumbuyo, werengani Yakobo 2:1-4.

Chimene chimawonongeka chimatsata njira imodzimodzi. Munthu wapereka, chimene analonjezedwa sichinachitike. Akabwerera amauzidwa kuti chikhulupiriro chake n’chochepa kapena mbewu yake inali yaing’ono. Amakongola kuti apereke zambiri. Ena amasiya mankhwala a kuchipatala kuti aonetse chikhulupiriro, matenda n’kukula. Pomaliza munthu uja amafika pa chimodzi mwa ziwiri: amati Mulungu anandikana, kapena amati Mulungu kulibe. Zonsezo wazitenga pa lonjezo limene Mulungu sanapereke.

Mafuta nawonso. Yakobo 5:14-15 akuti wodwala aitane akulu a mpingo, amupempherere atamudzoza mafuta m’dzina la Ambuye, ndipo chimene chikutchulidwa kuti chidzamupulumutsa ndi pemphero la chikhulupiriro. Palibe botolo logulitsa, palibe lokabisa pansi pa pilo. Munthu akamachita mantha kugona chifukwa mafuta atha, chikhulupiriro chake chasamukira m’botolomo. Mlangizi asamuseke. Amufunse mofatsa kuti, “Mafutawa atatayika usiku uno, Yesu akhala ali nanu kapena ayi?” Ndiye muwerenge naye Aroma 8:38-39.

Wophunzira zaumulungu:
Zimene mwanenazi amayi zinachitikapo kale. Mu 1517 mlaliki wina wa Chikatolika, Johann Tetzel, ankayenda m’madera a ku Germany akulalikira za makalata a chikhululukiro cha zilango amene anthu ankawapeza popereka ndalama, ndipo m’chaka chomwecho Martin Luther analemba mfundo zake 95 ku Wittenberg. Yoyamba mwa mfundozo inali yakuti moyo wonse wa wokhulupirira ukhale wa kulapa. Mu 1567 Papa Pius V anathetsa makalata onse otere okhudza ndalama. Lero malonda omwewo akupezeka m’mipingo ina imene imadzitcha ana a kukonzanso mpingo kumene Luther anayambitsa.

Mlaliki wachinyamata:
Pepani akuluakulu, ndikumva ngati tikutaya zozizwitsa zonse. Pa Machitidwe 19 nsalu zochokera pathupi la Paulo zinkachiritsa anthu. Ngati munthu wachira, wagwa pansi pa mphamvu, walankhula malilime, si umboni woti Mulungu wamulandira?

Mbusa wopuma:
Achimwene, palibe amene akukana kuti Mulungu amachiritsa. Funso n’lakuti kodi chozizwitsa ndi umboni wa chipulumutso. Werengani Mateyu 7:21-23 pang’onopang’ono. Anthu amene akukanidwa pamenepo akutchula zinthu zitatu: tinanenera m’dzina lanu, tinatulutsa ziwanda, tinachita zamphamvu zambiri. Ambuye sakutsutsa kuti sizinachitike. Akuti sindinakudziweni konse, ndipo akuwatcha ochita zosayeruzika. Deuteronomo 13:1-3 akuchenjeza za mneneri amene chizindikiro chake chachitikadi koma akukokera anthu kwa milungu ina. Amatsenga a Farao anasandutsa ndodo zawo njoka. Akhate 10 anachiritsidwa pa Luka 17, anabwerera kudzathokoza ndi mmodzi yekha. Pamene Yohane Mbatizi, amene Yesu anati palibe womposa mwa obadwa mwa akazi, sanachite chizindikiro ngakhale chimodzi, pa Yohane 10:41.

Chaputala 19 chimene mwatchulacho muchiwerenge mpaka vesi 20. Luka akuti anali Mulungu amene ankachita zamphamvuzo, ndipo palibe pamene nsalu zija zinagulitsidwa. Ana asanu ndi awiri a Skeva, mkulu wa ansembe wachiyuda, atatenga dzina la Yesu ngati mawu amatsenga, anathawa ali maliseche ndi mabala. Chotsatira chake okhulupirira anabwera kudzaulula zochita zawo, n’kuwotcha mabuku a matsenga a mtengo wa ndalama zasiliva 50,000. Umboni woti Efeso, mzinda umene izi zinachitikira, watembenuka unali moto umenewo.

Za malilime, 1 Akorinto 12:30 akufunsa ngati onse amalankhula malilime, ndipo yankho lake ndi ayi. Mukauza munthu kuti sanapulumuke mpaka alankhule malilime, wofooka mtima amayamba kutsanzira mawu a anzake kuti asachite manyazi, ndipo mwamuphunzitsa chinyengo pa tsiku lake loyamba. Chimene chimafunika mwa aliyense ndi chipatso cha pa Agalatiya 5:22-23, ndipo chipatso chimatenga nthawi kuti chioneke.

Mlaliki wachinyamata:
Ndamva abusa. Nanga pemphero lolandira Yesu? Ife pa misonkhano timaitanira anthu kutsogolo. Tisiye?

Mkulu wa mpingo:
Musasiye kuitana anthu, achimwene, koma dziwani malire ake. Kuitanira anthu kutsogolo kunafala m’zaka za m’ma 1830 ndi alaliki ngati Charles Finney ku America, amene ankaika benchi kutsogolo ya anthu ovutika mumtima. Ndi njira yothandizira, si lamulo la atumwi. Aroma 10:9-10 akutchula pakamwa ndi mtima pamodzi. Vuto limabwera pamene mlaliki auza gulu lonse kuti popeza mwabwereza mawu awa, mwapulumuka, musadzakayikenso. Ena anabwera chifukwa mnzawo wanyamuka, ena chifukwa akudwala, ena nyimbo inawakhudza. Fanizo la wofesa lili ndi nthaka zinayi, ndipo ya pamiyala ndi imene imalandira mawu msangamsanga ndi chimwemwe, koma ilibe mizu. Chimwemwe cha usiku umodzi sichikuuzani nthaka imene muli nayo.

Aliyense wobwera kutsogolo akhale ndi mlangizi wake, mwamuna kwa mwamuna, mayi kwa mayi. Choyamba mufunseni chimene wabwerera, ndipo ngati akuti akufuna ntchito kapena machiritso, mupempherereni zimenezo moona mtima, koma musamulembe kuti watembenuka. Kenako afotokoze ndi mawu ake chimene Yesu anachita pamtanda ndi chifukwa chake iyeyo akuchifuna. Akalephera, bwererani pa Aroma 3:23-24, 5:8 ndi 6:23, awerenge yekha ngati amatha kuwerenga. Mufunsenso ngati pali chimene akudziwa kuti ayenera kusiya kapena kubweza. Zakeyu sanauzidwe ndi munthu, anatchula yekha theka la chuma chake kwa osauka ndi kubweza kanayi kwa amene anawabera. Popemphera, apemphere ndi mawu ake ngakhale akhale ochepa. Wamsonkho wa pa Luka 18 ananena chiganizo chimodzi, ndipo anapita kwawo atayesedwa wolungama, pamene Mfarisi wosala kudya kawiri pa sabata ndi wopereka chakhumi cha zonse sanatero. Musalole kuti sabata ithe musanamuyendere, ndipo mumulumikize ku mpingo kumene akaphunzire ndi kubatizidwa.

Misozi isakupusitseni. 2 Akorinto 7:10 akusiyanitsa chisoni cha kwa Mulungu ndi chisoni cha dziko lapansi. Yudasi anamva chisoni, anavomereza kuti wachimwa, anabweza ndalama zasiliva 30, koma anapita nazo kwa ansembe aakulu, kenako anakadzimangirira. Petro analira mowawidwa mtima, koma anabwerera kwa Yesu. Muone kumene chisonicho chikumutengera munthuyo.

Mayi mlangizi:
Pali njira ina yoopsa kuposa zonsezi, pamene mtsogoleri adziika yekha pakati pa munthu ndi Mulungu. 1 Timoteo 2:5 akuti mkhalapakati ndi mmodzi. Zizindikiro zake zimayamba pang’onopang’ono. Mtsogoleri amati wapatsidwa vumbulutso limene mipingo ina yonse ilibe. Kufunsa funso kumatchedwa kugalukira wodzozedwa. Anthu amauzidwa kuti akachoka pansi pa chitetezo chake chauzimu adzafa kapena adzatembereredwa. Kenako amalekanitsidwa ndi achibale, amasiya sukulu ndi chipatala, amagulitsa katundu n’kupereka ndalamazo kwa gulu. Ndalama sizionetsedwa kwa wina aliyense, ndipo palibe akulu amene angamudzudzule.

Mapeto ake tawaonapo. Ku Kanungu m’dziko la Uganda, m’mwezi wa Malichi 2000, anthu oposa 700 a gulu limene linkalengeza za kutha kwa dziko anafa, ena m’moto ena anapezeka m’maenje. Ku nkhalango ya Shakahola ku Kenya, kuyambira mu 2023, anafukula mitembo yoposa 400 ya anthu amene anauzidwa kuti asale kudya mpaka imfa kuti akakumane ndi Yesu, ndipo ambiri anali ana.

Ngati wachibale wanu ali m’gulu lotere, musayambe ndi kunyoza mtsogoleri wake, chifukwa anauzidwa kale kuti abale adzamuzunza, ndipo kunyoza kwanu kumatsimikizira zomwezo. Musadule ubale. Werengani naye Machitidwe 17:11, pamene a ku Bereya anayamikiridwa chifukwa chofufuza m’malemba tsiku ndi tsiku zimene Paulo yemwe ankanena, ndi Agalatiya 1:8, pamene Paulo akuti ngakhale iye mwini kapena mngelo atalalikira uthenga wina asalandiridwe. Koma ngati ana akumanidwa chakudya kapena mankhwala, musadikire kuti mugonjetsane pa malemba. Kadziwitseni apolisi ndi oona za chitetezo cha ana tsiku lomwelo.

Mphunzitsi wa kalasi:
Zikomo nonse. Chatsala chimodzi. Tikaphunzitsa zimenezi, amene amanjenjemera kwambiri nthawi zambiri ndi okhulupirira enieni, pamene amene amafunika kugwedezeka amangokhala phee. Tithandize bwanji wokayika?

Mbusa wopuma:
Muwasiyanitse awiriwo musanapereke mankhwala. Kalata yoyamba ya Yohane inalembedwera zomwezi, pa 5:13 akuti kuti mudziwe kuti muli nawo moyo wosatha. Mayeso ake ndi atatu ndipo amabwerezedwa m’kalata monse: kodi akuvomereza kuti Yesu ndi Khristu, Mwana wa Mulungu amene anabwera m’thupi (4:2, 5:1), kodi akusunga malamulo ake (2:3-4), kodi akukonda abale (3:14). Koma musawerenge mavesi amenewa musanawerenge 1:8 mpaka 2:2, pamene akuti wonena kuti alibe tchimo akudzinyenga, ndipo wochimwa ali ndi womuimira kwa Atate. Mayesowa akuyang’ana kumene moyo ukulowera, sakufuna munthu wopanda banga.

Wokayika mumufunse kuti akachimwa amachita chiyani. Ngati tchimolo limamuwawa, amaliulula, amalimbana nalo ngakhale agwenso, nkhondo imeneyo ndi ya pa Agalatiya 5:17, ndipo imapezeka mwa munthu amene Mzimu ali mwa iye. Ameneyo musamuwonjezere mayeso ena. Mutembenuzireni maso pa Yohane 6:37, kuti wobwera kwa Yesu sadzatayidwa kunja. Ambiri otere amayesa chipulumutso chawo ndi mmene akumvera m’mawa uliwonse, ndiye muwaphunzitse kuti lonjezo silisintha ndi mmene thupi ladzukira. Ngati kukayikako kwabwera pamodzi ndi kusagona, kusadya ndi maganizo ofuna kudzipha, apitenso kuchipatala, ndipo musamusiye yekha.

Winayo, amene akukhala mu tchimo lodziwika mosatekeseka n’kumati ndinapemphera kale chaka chakuti, mumuwerengere 2 Akorinto 13:5 ndi 1 Yohane 2:4, pa awiri, mosamuchititsa manyazi pagulu. Musamuuze kuti ndi wotayika, chifukwa mtima wake simukuuona. Muuzeni kuti chimene akutsamirapocho malemba sakuchitcha umboni.

Mlaliki wachinyamata:
Nanga wotereyu akatembenukadi tsopano, abatizidwenso?

Mkulu wa mpingo:
Pamenepo mipingo imasiyana. Akatolika, Anglikani, Lutherani ndi Apresibeteriyani sabwereza ubatizo wochitidwa ndi madzi m’dzina la Atate, Mwana ndi Mzimu Woyera, potsata Aefeso 4:5. Munthuyo amalapa, amavomereza chikhulupiriro chake n’kubwerera ku Mgonero. Abaptisti ndi mipingo yambiri ya Chipentekoste amabatiza munthu akakhulupirira, ndiye ubatizo woyamba uja sauwerengera ngati unachitika asanakhulupirire. Mutumizeni kwa abusa a mpingo wake akakambirane, ndipo inu musamubatize mwamseri pa msonkhano iwo osadziwa.